Mwala umene Aaron anameza

A Wilson Sakala amadula magalasi a mawindo kuseri kwa msika wa Katete, ndipo ine ndagulitsa misomali pambali pawo kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ndi munthu wosaseka. Timawanena kuti mano awo amawasungira Khirisimasi, koma iwo satekeseka. Kachitsulo kawo kodulira kali ndi kadayamondi kunsonga, kochepa ngati njere ya fodya, ndipo akakakoka pagalasi amatsinzina. Ine ndinkayesa kuti ndi matama a ntchito.

Chaka chilichonse thonje likagulitsidwa, kunkabwera mayi wina kuchokera ku Vubwi, dzina lake Rebecca, mkazi wa mng'ono wawo Aaron. Funso lake linali limodzi: "Alamu, kwamveka chilichonse?" Iwo ankati ayi. Kumudzi onse ankadziwa kuti Aaron anapitirira ku Joni. Popeza maliro sanachitike, akuchimuna sakanamusudzula Rebecca kuti akwatiwenso.

Chaka chatha Rebecca anakana mpando.

"Alamu, aphunzitsi ena, akazi awo anamwalira, andifunsira. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, mwana ndilibe. Ndidikirebe?"

A Sakala anaika galasi pansi n'kuyamba kulankhula, ine ndili pomwepo ndi sikelo m'manja. Mu 2008, mvula itavuta, iwo ndi Aaron anadutsa ku Mozambique kukakumba dayamondi ku Zimbabwe. Kumeneko anamva kuti azungu amaika mwalawu pamphete yaukwati chifukwa suola, sutha. Aaron ankaseka, akuti Rebecca adzavala woyamba ku Vubwi konse. Okumba anali ndi njira yawo: ukapeza mwala umameza kuti alonda akakusecha asaupeze, mawa lake umakautola kuthengo. Tsiku lina Aaron anapeza woyera, waukulu ngati njere ya mtedza. Anameza, n'kutsikiranso m'dzenje kukatenga fosholo. Dzenje linamugwera.

Anamufukula atatsirizika kale. Anzawo anayi amene anathandiza kufukula anati mwala sungapite kumanda, ndipo ngati mbale wake akuopa, iwo achita okha.

"Ndinati asam'khudze alendo," anatero a Sakala. "Mpeni ndinagwira ine."

Mwalawo anagulitsa, n'kugawana anthu asanu. Gawo lawo linakwana ulendo wobwerera ndi zipangizo za ntchito imene akugwira mpaka lero. Koma akanafika bwanji kumudzi ndi nkhani yotere? Munthu wapita ndi mng'ono wake, wabwera yekha ndi ndalama, mtembo wong'ambidwa pamimba wausiya m'tchire. Aliyense akanati anakhwimira mbale wake. Choncho anapeka za ku Joni, poganiza kuti Rebecca atopa pakatha chaka chimodzi n'kudzionera njira. Anamulakwira kwambiri, ndipo ine mpaka pano mtima umandiwawa ndikakumbukira kuti ndinkamupatsa madzi akumwa mayiyu n'kumamuuza kuti alimbe mtima.

Rebecca sanalire. Anangowafunsa:

"Munamusoka musanamukwirire?"

A Sakala anapukusa mutu. Anati kunalibe singano, ndipo anangomukulunga m'malaya awo.

Apo m'pamene Rebecca anakhala pansi, pafumbi, pakati pa zidutswa za magalasi.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndakhala ndikumutukwana m'munda kuti anandithawa."