Tiyi wa Mayi Iris

Ntchito yanga yoyamba kuno ku London ndinaipeza pakhomo la tchalitchi chathu ku Barking. Titaweruka, Mai Banda, mayi wa ku Zimbabwe amene makolo ake anachokera ku Malawi, anandikoka mkono. "Iwe sisi, ukali kufuna job? Ku Romford kuli nyumba za nkhalamba, afuna munthu wothandiza. Apply lero lomwe, usagone." Ndinapita, anandilemba, ndipo mayi amenewo ndimawathokoza mpaka lero.

Malo otere Angelezi amawatcha almshouse. Ndi tinyumba ta njerwa tozungulira kabwalo ka kapinga, pakona pali katchalitchi. Bwana wanga, Mayi Pauline, amene ankayang'anira malowo, anandifotokozera kuti zaka mazana angapo zapitazo munthu wina wolemera anasiyira mpingo minda yake, kuti lendi yake izisamala osauka ndi okalamba a m'deralo. Kale okhalamo ankavala mikanjo yofanana, ankapempherera mzimu wa mwini chumayo tsiku lililonse, ndipo woledzera ankapitikitsidwa. Mikanjoyo inatha kalekale. Lamulo lotsala ndi lakuti wokhalamo azitha kudzisamala yekha, chifukwa pamalopo si pachipatala. Akalephera, a komiti yoyendetsa nyumbazi amamupezera malo kunyumba yosamalirako odwala, kanyumba kake n'kupatsa wina.

M'mawa uliwonse ndinkagogoda khomo ndi khomo n'kudikira yankho. Ndinkayesa zingwe za alamu yoitanira thandizo za m'bafa ngati zikulira, kukolopa m'katchalitchi, kutulutsa mabini, ndipo nthawi yachisanu ndinkawaza mchere m'tinjira kuti madzi oundana asungunuke, anthu asaterereke. Zonsezi zinali zamasewera. Chondivuta chinali manja angawa. Kwathu ku Chipata, wamkulu sanyamula chinthu mwana ali pomwepo, ndiye ine ndikangoona nkhalamba yagwira jumbo, ndalanda kale. Mayi Pauline ankandidzudzula mofatsa: "Ukawanyamulira lero, mawa dzanja lawo liiwala." Ine mumtima ndinkangoti azungu ulemu sanaphunzire.

Panali Mayi Iris, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala za m'mahotela. Pakamwa pawo panali tsabola, koma ndinkawakonda. Tsiku lina anagwa m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka kuchipatala, kunabwera mtsikana wa kuchipatalako kudzaona ngati angakhalebe okha. Mayeso ake anali akuti aphike tiyi popanda wowathandiza. Akalephera, kanyumba kaja kapita.

Mayi Iris anapempha kuti ine ndikhalepo. Tisanalowe, Mayi Pauline anandinong'oneza: "Ukangogwira kanthu, alemba kuti anathandizidwa."

Anandikhazika pampando wa m'khitchini, nkhalamba ili chilili. Manyazi anandigwira ngati ndavula pamsika. Mayi Iris anayenda pang'onopang'ono ndi chitsulo chawo choyendera mpaka pasinki. Anatunga madzi m'ketulo, koma anachulutsa, ketulo n'kulemera. Dzanja linayamba kunjenjemera, madzi akutayikira pansi pomwe mapazi awo ankayenera kudutsa. Mopu inali pambali panga penipeni. Thupi langa linanyamuka lokha pampando.

"Khala pansi, iwe," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Muno ndi mwanga."

Ndinakhala, manja ndinawakhalira. Ndinali ndi mantha kuti agwanso ine ndikuonerera, ndipo ndinkadziona ngati mwana wosaleredwa. Iwo anachepetsa madzi aja, anaponya kansalu pansi n'kupukuta ndi phazi la mwendo wabwinowo, akutukwana ketuloyo chapansipansi. Madzi atawira anathira m'makapu awiri n'kuikamo masamba a tiyi. Imodzi anaikankha patebulo mpaka inafika kwa ine. Mtsikana wa kuchipatala uja sanamupatse.

Ndinalandira ndi manja awiri. Tiyi wake anali wopanda shuga, wowawa, koma ndinamwa yense, misozi ili m'maso. Mtsikana uja anangoti awabweretsera ketulo yaing'ono ndi chogwirira china cha m'bafa, ndipo Mayi Iris atha kukhalabe m'kanyumba kawo.

Ndinagwira pamalopo zaka zingapo ndisanapite kukaphunzira unamwino. Ndimathokoza kuti ndinayambira kumeneko, chifukwa ndi kumene ndinadziwa kuti pali thandizo lina lolanda munthu nyumba yake. Ulemu wa kwathu sindinautaye, koma masiku ano ndisanatambasule dzanja ndimayamba ndafunsa mwini wake. Mayi Iris sanasamuke. Anamwalira patapita nthawi, pabedi lawo, m'nyumba mwawo.