Mbali Yotentha Ikhale Kunja

Taganizirani m'mawa wamba m'kachipinda kokonzera mawailesi. Malata ayamba kale kuthetheka ndi dzuwa, patebulo pali mawaya mbwee, ndipo mwini ntchitoyo, bambo wa imvi zapatalipatali, wagwira tsaya. Si wailesi imene yamuimitsa mutu. Ndi mankhwala a shuga a apongozi ake, amene adokotala anati azikhala pozizira. Firiji ya m'nyumba inali itafa, ndipo botolo limodzi linali litawonongeka kale ndi kutentha.

M'makina akale oziziritsa madzi bamboyu anachotsamo kambale koyera, kakang'ono ngati bisiketi, ka mawaya awiri. Kambaleka kalibe injini. Magetsi akadutsamo, kamatunga kutentha mbali imodzi n'kukuthira mbali inayo: kuno kuzizira, uko kutentha. Mukasinthanitsa mawaya, mbalizo zimasinthananso.

Anakaponya m'bokosi lokhuthala, n'kulumikiza ku batire, n'kutseka. Potsegula masana, m'bokosimo munali motentha kuposa panja.

Mkazi wake anapisamo dzanja. “Bambo a ana, iyi ndi firiji kapena chofungatira mazira? Tigule nkhuku?”

“Ndasemphanitsa mawaya basi,” anayankha nkhope ili gwaa.

Anawasintha. Zomwezo. Anasintha batire, anamata ming'alu yonse, anakalipira kambaleko ngati kamamva. Mawailesi a eni ankangounjikana, mankhwala akusungidwa m'nsalu yonyowa imene inkauma isanathandize.

Tsiku lina apongozi aja, atakhala pampando m'kachipindamo akudzikupiza ndi mpango, anadandaula: “Inu bambo, tatsegulani zenera. Mwatseka ponseponse, nanga kutenthaku kutulukire kuti? Mukufuna ndipse ndisanafe?”

Iwo ankanena za chipinda, koma iye maso anali pabokosi. Anali atatsekera mbali zonse ziwiri mkati. Kutentha kumene mbali ina inkatunga, inzake inkakuthira momwemo, magetsi n'kuwonjezerapo kwawo. Kambale koteroko sikapha kutentha, kamangokusamutsa.

Anaboola chivundikiro, n'kuika kambale pabowopo, mbali yozizira mkati, yotentha kunja. Pamwamba pake anamangapo chitsulo cha mano ngati chipeso ndi kafani ka m'kompyuta kouluza kutenthako.

Sanakhutire. Kafaniko kankalira ngati udzudzu, batire linkatha msanga, ndipo madzi oundana amene iye anali atamulonjeza mkazi wake sanaoneke. Mpaka lero amaling'ung'udzira bokosilo. Koma mankhwala a apongozi ake anakhala pozizira nyengo yonse yotentha, ndipo palibe botolo lina limene linatayidwa.