Juzi ya amayi yakwana chidole

Mwaswera bwanji nonse. Ine ndakwiya kwambiri.

M'mawa popita kumsika kuno ku Mtendere ndinasiya mlamu wanga ba Mwila pakhomo, ndipo ndinawauza kuti makina ochapira asawakhudze mpaka ndibwere. Magetsi atangoyaka, iwo anakokolola zovala zonse m'basiketi n'kuponya m'makinamo, pamodzi ndi juzi yanga yofiirira ija anandilukira malemu amayi.

Makinawa amatenthetsa okha madzi, ndipo zaubweya zili ndi pake pa batani: madzi ozizira, kanthawi kochepa. Iwo anapotokola batani mpaka kumapeto, pa madzi otentha kwambiri ochapira matawulo, paja amazungulira mpaka munthu kuiwala kuti akuchapa. Ati, “Mulamu, manzi yozizila siyachosa doti.”

Ndafika masana akuzungulirabe, galasi la chitseko likuotcha dzanja. Ndathimitsa, koma chitseko chakana kutseguka mpaka madzi azizire. Ndinangokhala pansi kuyang'ana juzi ya amayi ili m'thovu, osatha kuitulutsa.

Yatuluka yolimba ngati chiguduli, mkono wake kutalika ngati chikhatho changa. Mwana wanga Tiyamike waiveka chidole chake, ndipo yachikwana bwinobwino.

Ba Mwila kupepesa ayi. Akuti ndisadandaule, majuzi ali mbwee ku salaula, kogulitsa kaunjika kuja. Ba Joseph, achimwene, akazi anu ndi amenewa, muyankhule nawo ndisanayankhule ine.

Enanu ndiuzeni, mwina ndine ndikukokomeza: ndi mulu uti wa salaula umene ndikapezemo juzi yoluka amayi?