Nkhata ya Mlongo Wanga

Tsiku loika mng'ono wanga ndinadzuka kusanache. Amayi a mvano anali akuimbabe m'nyumba ya siwa, mawu atasasa, ndipo amuna anali ataunjikana pamoto chifukwa cha mwera. Ndinayang'ana foni. Mlongo wathu wa ku Joni anali asanayankhe.

Uthenga wa maliro ndinaulemba ndekha pa gulu la banja lathu la pa foni. Unanditengera nthawi, poti kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi, ku sukulu ya kwacha. Anthu anayankha msanga ndi zithunzi za makandulo, ena oti malemu sanawaonepo n'komwe. Mlongo wathuyo anangowerenga osayankha, foni imasonyeza. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Amayi athu atamwalira kalekale, abale anandituma kuti ndimulembere kalata. Ndinachita manyazi kuulula kuti sindidziwa kulemba, ndipo ndinanama kuti ndatumiza. Iye anamva patapita miyezi, kwa munthu wapaulendo. Kuyambira pamenepo sanandiyankhulenso.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika, a ku Chia pa njinga atanyamula mpunga, a ku Kanyenda pa lole. Ambiri ankati amva pa foni. Utsi wa mafuwa unadzaza pabwalo, mphepo ikuukankhira m'maso mwa ophika.

Masana tinanyamula bokosi kudutsa m'minda ya chinangwa. Kumanda kwathu netiweki imagwira pachulu pokha. Adzukulu atatha kukwirira, ndinakwera pachulupo n'kumuimbira mlongo wanga foni ya vidiyo. Ndinkaganiza kuti adula, koma anayankha. Ndinaona nkhope yokalamba, ya amayi athu yeniyeni. Ndinangotembenuza foni kuti aone mtumbira.

Woitana anthu oika nkhata anafuula, "Alongo a malemu!" Anthu anayang'anana.

"Achimwene," anatero mlongo wanga mufonimo, "mwangoima? Tsikani mukandiikire. Komanso gwirani foni bwino, ine ndikungoona mitambo."

Netiweki inathawa ndisanafike pamtumbira, koma nkhata yake ndinaika ndi manja anga.

Madzulo alendo anabalalika. Mphasa zinapindidwa, pabwalo panatsala phulusa, ndipo mwera unaleka. Ndinakhala pakhonde ndekha, m'nyumba muli zii. Foni inalira. Mlongo wanga sanalembe pa gulu, analembera ine ndekha: "Mwaika?"

Ndinafufuza zilembo chimodzichimodzi, n'kuyankha kuti, "Ndaika."

Ulendo uno zinali zoona.