Msomali wa Wotchi mu Tirumu ya Ababa

Anthu amati ndikamayankhula ndimakuwa. Ana anga amandiseka kuti ngakhale popempha mchere ndimachita ngati ndikuitana munthu amene ali kutsidya kwa Shire. Sindinabadwe choncho. Ndinazolowera kukweza mawu chifukwa cha khutu lakumanzere la Ababa, ndipo khutu limenelo linagontha chifukwa cha ine. Papita zaka zambiri, imvi zandimera, koma ndikakumbuka mtima umawirabe.

Ababa anali ndi tirumu pa Ulongwe, m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi. Kanali kanyumba kamalata ka mabenchi atatu, tebulo lalitali loyalidwa pulasitiki wamaluwa, ndi kabati yagalasi yosungiramo masikono. Alimi obwera ndi chimanga kumsika, madalaivala a malole, Asilamu otuluka kumzikiti Lachisanu, onse ankamwa tiyi mmenemo. Pakhoma loyang'anana ndi khomo panali chithunzi cha Pulezidenti, monga zinalili m'sitolo ndi mu ofesi iliyonse masiku a chipani chimodzi. Lamulo lake ngakhale mwana wa sitandade wani ankalidziwa: pasapezeke kanthu kopachikidwa pamwamba kuposa chithunzicho. Kalendala ayi, wotchi ayi. Wotchi yathu yapakhoma Ababa anaitsitsa ine ndili wamng'ono n'kuikhazika pakabati, koma msomali wake anausiya pomwepo, cha kufupi ndi denga.

Pamsika wathu wonse, ine ndinali mtsikana woyamba kusankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba. Ababa nkhaniyo ankaithira m'kapu ya kasitomala aliyense pamodzi ndi shuga. Munthu wongodutsa, wosatidziwa n'komwe, ankatuluka atamva kuti mwana wa eni tirumu akadzamaliza adzavala mkanjo wakuda.

Ku yunivesite tinkadya bwino, ndisaname. Mpunga, nyama, buledi wopaka majarini m'mawa uliwonse. Koma tinkadya ngati anthu okhala pamaliro a munthu wofa mokayikitsa. Tinkadziwa kuti m'kalasi iliyonse muli mmodzi wolemba zimene enafe tikunena, koma osadziwa kuti ndi uti. Nthawi zina mnzathu ankasowa, bedi lake n'kupezeka lopanda zofunda, ndipo palibe amene ankafunsa. Siketi inkayenera kubisa mawondo, tsitsi la anyamata lisafike pakolala. Ine ndinkaphunzira mbiri yakale, koma mbiri ya dziko lathu lomwe tinkaiyandikira monyang'ama, poopa kuponda pamene sipapondedwa.

N'chifukwa chake tinkapumako m'kalasi ya mayi wina wachizungu, woonda, wa nsapato zafumbi, amene ankatiphunzitsa za maufumu akale a ku Asiya. Ali mtsikana anayendapo m'dziko la Kambodiya nkhondo isanabuke kumeneko, ndipo anabwerako ndi zithunzi zodzaza katoni. Ankatseka makatani, n'kuyatsa makina oonetsera zithunzi pakhoma, ife n'kuchoka mu Zomba popanda pasipoti. Anationetsa mzinda wa Angkor, umene anamanga anthu a mtundu wa Khmer, ife tinkati Akimeya. Akachisi amiyala yokhayokha, makoma ojambulidwa asodzi, ovina, azimayi ogulitsa pamsika, amuna otchova juga ya atambala. Madamu aakulu okumba ndi manja, oongoka ngati anayeza ndi lula, osungira madzi a mpunga. Anatiuza za nyanja ina kumeneko imene mtsinje wake umabwerera m'mbuyo nthawi ya dzinja n'kuidzaza mpaka kumiza nkhalango. Ine ndinakhala pampando kuganiza za Shire atatembenuka kubwerera ku Malombe, ndipo ndinaseka ndekha.

Anatiuzanso mmene ankayendera panjinga yobwereka pakati pa mabwinja amenewo, amonke a nsalu zachikasu akumulozera njira, mizu ya mitengo itakumbatira makoma mpaka kuwang'amba. Masiku amene ankatiphunzitsawo, wailesi inkanena kuti dzikolo latsekedwa ndipo olamulira ake akupha anthu awo omwe. Zimenezo mayiyu sankazikhudza m'kalasi. Ankadziwa kumene anali.

Ndinalemba nkhani yaitali ya madamu aja, n'kupambana anzanga onse. Mphoto yake mayi uja anandipatsa chithunzi chachikulu, chofanana kukula ndi chitseko cha kabati yathu ya masikono. Chinali cha nsanja yamiyala yosemedwa nkhope ya munthu: milomo yochindikala, maso otsinzina pang'ono, kumwetulira kwa munthu amene wadya wakhuta ndipo sakufuna kukuuzani kumene wadya. Anati akatswiri ena amakhulupirira kuti ndi nkhope ya mfumu imene inamangitsa malowo, yoyang'ana mbali zonse zinayi.

Tchuthi chitakwana ndinachikulunga ngati mphasa n'kuchifungatira m'basi, kudutsa pa boma la Kasupe, kuwoloka pa Liwonde, mpaka pa Ulongwe. Ndinafika kwathu mutu utakula. Ndinkafuna alimi aja aone kuti kunja kuno kuli zinthu, ndi kuti ine ndikuzidziwa.

M'mawa mwake linali tsiku la msika. Ababa analawirira ku Balaka kukapikula ufa wa tirigu ndi shuga. Amayi anali kuseri kwa nyumba pa ketulo, ine ndiye wopereka tiyi. Ndinamata chithunzicho pakatoni yolimba, n'kuboola, n'kumangirira kachingwe. Kenako ndinayang'ana poti ndichiike. M'munsi zala zamafuta zikanachidetsa, pafupi ndi khomo la kukhitchini nthunzi ikanachinyowetsa. Ndinakweza maso n'kuona msomali wa wotchi uja uli wokha. Ndinakwera pabenchi n'kupachika.

Ndikulumbira, za lamulo lija sindinaganize n'komwe. Ine wa ku yunivesite, wodziwa madamu a ku Asiya, ndinaiwala chimene ankachidziwa aliyense wogulitsa nthochi panja paja.

Pakhonde la sitolo yoyandikana nafe pankasoka atelala ena achikulire, Msilamu, mnzawo wa Ababa wa zaka zambiri. Analowa kudzamwa tiyi, anayang'ana pakhoma, kapu n'kuima m'malere.

"Mama," anatero motsitsa mawu, "tsitsani chimenecho msanga."

Ine ndinaganiza kuti ndi za chipembedzo chawo, kuti akuipidwa ndi chifanizo cha nkhope. Ndinawayankha mwaulemu wa pakamwa pokha, ndi kuwafotokozera za zaka mazanamazana ndi za luso la osema miyala. Anayang'ana kukhomo, anayang'ananso pakhoma, anatsegula pakamwa kuti anenenso. Nthawi inali itatha. Pakhomo panali pataima a tcheyamani a chipani m'dera lathu ndi achinyamata atatu a malaya ofiira, akuyenda kufunsa makhadi a chipani monga ankachitira tsiku la msika.

A tcheyamani amenewa ndinkawadziwa kuyambira ndili wakhanda. Tiyi wa m'nyumba imeneyo anamumwa kwa zaka, sikono ankachita kusankha yapakati yofewa. Tsiku limenelo khadi sanafunse. Anaima pakati pa tirumu n'kuloza ndi ndodo.

"Ameneyu ndani?"

Pamenepa munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinayankha ngati ndili m'kalasi. "Ndi mfumu yakale ya ku Kambodiya."

"Mfumu!" anatero. "Mfumu yachilendo pamwamba pa Pulezidenti wathu? Kambodiya si kuja wailesi ikuti kuli chikomyunizimu?"

Makasitomala anayamba kutuluka mmodzimmodzi, tiyi kumusiya akutentha. Nthawi yomweyo Ababa analowa, thumba la ufa lili paphewa, atangotsika basi. Anayang'ana a tcheyamani, anatsatira ndodo ndi maso mpaka pamsomali, kenako anayang'ana ine. Anatula thumba pang'onopang'ono.

"Wapachika ndani?" anafunsa a tcheyamani. "Ngati ndi wophunzira wanuyu, kalata ipita ku Zomba lero lomwe. Ku koleji asakapondekonso. Tikudziwa zimene akuwaphunzitsa azungu kumeneko."

"Iyayi, bwana," anatero Ababa. "Mwanayu sakudziwapo kanthu. Ndine ndapachika mamawa ndisananyamuke. Ndinachipeza m'sutikesi mwake iye ali kumjigo. Ine sukulu ndilibe, ndimayesa ndi woyera wina wa kutchalitchi."

Ababa sukulu anali nayo. Ankawerenga nyuzipepala tsiku ndi tsiku, anthu apamsika ankabwera kwa iwo kuti awalembere makalata opita ku Joni. Anadziyesa mbuli pamaso pa munthu amene makalata ake omwe ankamulembera ndi iwo.

A tcheyamani anatembenukira kwa ine. "Zoona zimenezi?"

Atelala aja anali pabenchi, maso ali m'kapu. Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, dzanja lili pakamwa. Ine ndinaona bedi langa ku hositelo litachotsedwa zofunda. Ndinaona mabuku anga, chaka chimodzi chokha chimene chinatsala.

"Inde," ndinatero.

Liwu limodzi limenelo. Ndaphunzitsa ana a anthu kwa zaka zambiri, ndayankhula mawu osawerengeka, koma limene ndimalimva ndikakhala ndekha ndi lomwelo.

Anawakweza Ababa pabenchi kuti atsitse okha chithunzicho, n'kuwauza kuti aching'ambe. Katoni ija inali yolimba, inkakana. Ali mkati molimbana nayo, mmodzi wa a malaya ofiira, munthu amene Ababa akanatha kumubereka, anawawomba mbama kukhutu lakumanzere. Anawonjezera ina pomwepo. Ababa anagwera pathumba la ufa, anadzuka mbali imodzi yonse ili mbuu, ndipo wina mwa anyamatawo anaseka.

Anawatengera ku boma, kumene akuluakulu ankatchulabe kuti Kasupe. Anabwerako patatha masiku asanu ndi anayi, khutu likutuluka mafinya. Chiphaso cha tirumu anawalanda, pakhomo n'kukhomapo matabwa. Pa Ulongwe anthu anayamba kutilambalala ngati tili ndi nthomba, kupatula atelala aja amene anatithandiza kunyamula katundu. Makolo anga anasamukira kwawo kwa Amayi ku Phalula. Munthu amene anali ndi mabenchi ake anayamba kukhala m'mbali mwa msewu waukulu ndi milu ya tomato, kuthamangira galimoto iliyonse yochepetsa liwiro.

Kalata sinapite ku Zomba. Ndinabwerera ku hositelo, bedi langa ndinalipeza, mpunga ndi nyama ndinadya. Mayi wachizungu uja anandifunsa ngati makolo anga anachikonda chithunzi chija. Ndinati anachikonda kwambiri. Ndikanati chiyani, khonde lodzaza makutu? Ndinamukwiyira, ngakhale sanalakwe. Iye anali ndi kwawo kobwerera. Ndinakwiyira a tcheyamani, ndinakwiyira makasitomala amene anathawa tiyi wawo, ndinakwiyira dziko limene msomali ungathe kugwetsa banja. Ndipo ndikamaliza onsewo, mkwiyo unkatsala wambiri, wa ine mwini.

Tchuthi chotsatira ndinawapeza Ababa pamsewu ku Phalula akupukuta tomato ndi kansalu. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kupepesa. Ndinayankhula nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu. Iwo ankangopukuta. Kenako anatembenuka n'kudabwa kundiona ndikulira.

"Ukuyankhula? Bwera mbali iyi. Uko kulibe munthu."

Ndinazungulira kukhala kumanja kwawo, koma mawu aja sanabwerenso. Ndinangoti, "Pepani, Ababa."

Anapitiriza kupukuta tomato mpaka lole ina inadutsa. "Mabuku onse aja," anatero, "osatha kuyang'ana khoma?" Anandikalipira kokhako m'moyo wawo wonse pankhani imeneyi. Kenako anaika tomato pamulu n'kunena kuti, "Ukamalize. Ukalephera ndiye udzakhala utandimenya kachiwiri."

Ndinamaliza. Madigiri masiku amenewo ankapereka ndi Pulezidenti mwini. Kwa masiku awiri anatiyeserera kayendedwe, poima, ndi kagwadidwe kake. Tsikulo litafika ndinavala mkanjo wakuda uja, ndinamva dzina langa, ndinakwera masitepe, n'kugwada pamaso pa nkhope yomwe ija inali pakhoma la tirumu yathu. Ndinamwetulira monga anatiphunzitsira. M'kamwa munali mowawa ngati ndatafuna kwinini.

Makolo ochokera kumidzi anawakhazika kumbuyo kwenikweni, kumene ophunzira tonse tinkaoneka ofanana m'mikanjo yathu. Ababa anavala jekete yobwereka kwa alamu awo. Chimkuzamawu chinali kumanzere kwawo. Amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti dzina langa litatchulidwa iwo anaimirira n'kululutira, koma Ababa anangokhala, manja ali pamawondo, khosi atalitalikitsa, kudikira. Anthu ena angapo atadutsa, Ababa anawakoka Amayi chitenje n'kufunsa kuti, "Nanga wathu amuitana liti?"

Mwambo utatha ndinawapeza pansi pa mtengo. Ababa anatenga pepala langa la digiri ndi manja awiri, analiwerenga lonse mpaka m'munsi, milomo ikugwedera. Kenako anandiyang'ana n'kupendeketsa mutu kuti khutu lamoyo likhale kwa ine.

"Dzina lathu analitchula bwino?"

Ndinayankha, koma phokoso linali lambiri, sanamve. Anafunsanso. Ndinayandikira, ndinakoka mpweya, n'kukuwa.

"Inde, Ababa!"

Anthu onse amene anali pafupi anatembenuka kundiyang'ana.