Zanga Zinali Zisanu ndi Ziwiri

Anzanga, ndili ndi zaka 67, ndipo 31 mwa zakazo ndinaphunzitsa masamu. Izi ndikulemba nkhope ili pansi.

A Kalisto ndinakumana nawo pa 14 Meyi chaka chatha, Misa itatha. M'tchalitchi analengeza kuti kwabwera wojambula zithunzi, a Kalistowo, akufuna anthu amene anadwala kapena kuferedwa, akawajambule m'nkhalango ya Chongoni. Tinalembetsa anthu asanu ndi anayi. Ine anachita kundikakamiza ndi mwana wanga, chifukwa chidwalireni sitiroko pakamwa panga panapotokera kumanzere, ndipo galasi linakhala litayang'ana kukhoma miyezi 26.

Tsiku loyamba ndinabisa tsaya ndi mpango. A Kalisto, bambo wa imvi amene akazi awo anamwalira kalekale, kamera inangolendewera pakhosi. Tikukwera, ankandifunsa mayina a mitengo. Titafika pathanthwe lalikulu ndinawauza kuti kuchokera pamsewu tayenda mapazi 2,140.

"Aphunzitsi, ndiye mpweya ndikupumawu mukuwerenganso?"

Ndinaseka, mpango n'kugwa. Pamenepo kamera inalira.

Kuyambira apo ankabwera Lachitatu lililonse. Ine ndinkanyamula mbatata yowotcha, iwo tiyi m'fulasiki. Anandionetsa chitsa cha msuku chimene chinapsa ndi moto wolusa, chikuphukira m'mbali. Lachitatu la 11 anandigwira dzanja powoloka kamtsinje, titawoloka sanalisiye. La 19 anandiuza kuti akufuna akaonekere kwa achimwene anga ku Mayani.

Galasi lija ndinalitembenuza...

Itayandikira nthawi yoonetsa zithunzi muholo ya parishi, anandisiyira laputopu kuti ndiwathandize kusankha. Aliyense anali ndi malo ake, dzina lili pamwamba. Ine, monga mwa chizolowezi, ndinayamba kuwerenga. Ena 25, ena 30. Marita, mayi wa zaka makumi anayi wa cha ku Kabwazi, amene mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira, anali nazo 212.

Zanga zinali zisanu ndi ziwiri.

Ndinawerenga kawiri, monga ndinkachitira pochonga mayeso. Sindinawafunse. Ndinaona ngati yankho ndalipeza kale.

Tsiku lachionetsero muholo munali anthu 84. Marita anali ataima pa chithunzi chake, akuchiyang'ana. Ndinamufikira, ndipo mawu anga a m'kalasi anatuluka onse.

"Mayi Marita, zithunzi 212 kutchire! Munkajambulana chiyani ndi mwamuna wa eni?"

Anthu onse anatembenukira kwa ife. Marita anakokera chitenje kumutu n'kutuluka.

A Kalisto ananditengera panja. Sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, wojambula amachulutsa pamene nkhope ikukana. Marita ndinapita naye kasanu ndi kamodzi, mlamu wake ali pomwepo. Akati adzutse mutu, ankalira. Chomalizacho ndi chimene anayang'ana kumwamba maso ali ouma. Inu choyamba chomwe chija chinakwana. Zisanu ndi chimodzi zinazo ndinajambula zanga ine mwini."

Ndinapepesa. Anati andikhululukira, koma sangakhale ndi munthu amene amafunsa nambala asanafunse iwo. Anawonjezera kuti kupepesa kwanga sikwa iwo.

Ku Mayani sanapite. Patatha milungu itatu ananditumizira chithunzi choyamba chija pa minibasi, chili m'felemu. Pakamwa pali popotoka ndithu, koma mayi ali pamenepoyo ndi wokongola, ndipo ndimalephera kumuyang'ana m'maso.

Chimene chimandiwawa koposa si a Kalisto ayi. Marita anakhala zaka ziwiri osaponda kutchalitchi, ndipo anali atangobwerera kukwaya. Chichokereni muholo muja, Masabata 17 adutsa, malo ake ali opanda munthu.

Anzanga, masamu anga anali olondola, sindinaphonye ngakhale chimodzi. Chimene sindinachite ndi kufunsa funso limodzi kwa munthu amene ankandigwira dzanja.

Kwa Marita ndapitako kanayi. Kuchokera pamsewu kufika pakhomo pake pali mapazi ngati 312. Ndimafika pa 300, pamtengo wa mapichesi, chitseko ndikuchiona, n'kubwerera osanena odi.

Khumi ndi awiri otsalawo ndi amene akundikanika.