Sitata ya Njinga ya Achimwene

Njinga yamoto ya achimwene anga sinkalira yokha. Kabatani ka sitata, kaja kamakhala pafupi ndi chala chachikulu chakumanja, kanafa kalekale, ndipo kiki yoliza ndi phazi inathyoka tisanasamukire n'komwe ku Katlehong. Ndiye m'mawa uliwonse kusanache ankagogoda pachitseko cha kachipinda kanga ka malata. Ine n'kutuluka tulo tili m'maso, n'kuwakankha mumsewu mpaka njingayo itatsokomola. Iwo ulendo wa ku Kempton Park kumene ankalondera nyumba yosungiramo katundu, osacheuka, kungokweza dzanja basi.

Zinkandinyansa, ndisaname.

"Achimwene, kodi munandiitanira ku Joni kuno kuti ndidzakhale sitata?"

"Tikonza Loweruka, mfana wanga. Kankha kaye."

Loweruka lakelo silinafike. Anagulanso tinyali tiwiri toyera tamakono tija, poti nyali yakutsogolo inkawala ngati koloboyi, koma tinangogona m'katoni pansi pa bedi. Ndinkawauza kuti zengerezu analinda kwawukwawu, iwo n'kumangoseka. Chibayo chinawatenga m'nyengo yozizira, asanadwale n'komwe mokwanira kuti tichite mantha.

Mmalawi akamwalira kuno, timayesetsa kuti akagone kwawo. Bungwe lathu la maliro linapeza minibasi ndi kangolo kokoka kumbuyo koikamo bokosi. Opita nawo anali alamu anga, akazi awo a malemuwo, ndi ena amene mapepala awo anali bwino. Anga anali atatha kale. Ndikanawoloka malire pa Beitbridge sakanandilola kubwereranso, pomwe ana a achimwene kumudzi tsopano ankayang'ana kwa ine. Onse anati nditsale, nanenso ndinavomera, koma ndi pakamwa pokha.

Otsalafe chathu n'kuperekeza. Ambiri amayenda wapansi kumbuyo kwa galimoto mpaka pokhota msewu, n'kubwerera. Ine zimenezo zinandichepera. Ndinkafuna kuwaperekeza panjinga yawo, kudutsa nawo ku Kempton Park, njira imene ankayenda tsiku ndi tsiku. Vuto linali pobwerera. Ndikakhala ndekha, njinga ikakazima adzandikankha ndani? Ndiponso munthu wopanda mapepala sayenera kuoneka akulimbana ndi njinga m'mbali mwa msewu waukulu, apolisi akudutsa.

Tsiku loti mawa lake anyamuka, pabwalo panadzaza anthu. Anandikhazika pampando kutsogolo kwa tenti kuti obwera azindipepesa. Ndinakhala, ndinaimirira, ndinapita kukamwa madzi ndilibe ludzu, ndinakhalanso. Amayi atayamba nyimbo ina yaitali, ndinazemba n'kupita kuseri kumene kunali njinga.

Ndinamasula tisikuluwu tiwiri pansi pa siwichi, chikhokho chake n'kutseguka pakati. M'katimo munali fumbi lokhalokha. Kachitsulo kamkuwa kamene batani limagunda kanali katachita dzimbiri lobiriwira, ndipo waya umodzi unkangolendewera ndi kaulusi kamodzi. Pamene ndinkasolola batani, kasipuling'i kake kanadumpha n'kugwera mumchenga. Ndinagwada n'kuyamba kupapasa, ndikutukwana chamumtima.

Anandipeza chogwada chomwecho ndi atcheya a bungwe lathu, bambo wachikulire amene anathera unyamata wake m'migodi.

"Mwana wanga, n'chiyani chimenechi? Anthu achoka ku Benoni, ena ajomba kuntchito, kudzapepesa iwe. Manje apepese mpando? Maliro n'kulirana."

"Ndikubwera, bambo."

"Njinga siithawa. Ukonza tikachoka."

"Mukachoka ndidzaikonzera ndani?"

Ndinayankha mokweza kuposa mmene ndinkafunira, ndipo mawuwo anamveka mpaka kutenti. Atcheya anangopukusa mutu n'kubwerera. Ndinamva amayi ena akunong'ona kuti mbale wake sanaikidwe n'komwe, iye wayamba kale kugwira chuma cha masiye. Zinandipweteka kwambiri, koma kasipuling'i kaja ndinakapeza pomwepo, pafupi ndi bondo langa.

Sandipepala ndinalibe. Ndinang'amba mbali yokhakhala ya bokosi la machesi n'kupalira kamkuwa kaja mpaka kanawala. Waya ndinausenda ndi mano, n'kuupota, n'kuumanga bwino. Ndikubwezera sikuluwu yomaliza ndinaona mapazi opanda nsapato ataima pambali panga. Anali alamu. Mkazi wamasiye sachoka pamphasa anthu ali m'nyumba, koma iwo anali atatuluka, katoni ija ili m'manja.

"Alamu, muikenso izi. Anagula okha. Mawa kukhala mdima."

Anabwerera m'nyumba, ndipo manong'onong'o aja anathera pomwepo.

Tinyalito ndinatimanga pazitsulo zakutsogolo, kena uku kena uku. Ndinakoka waya kuchokera kubatire, kudzera pa fyuzi, kufika pa kasiwichi kake, n'kukulunga tepi paliponse polumikiza. Manja anali atauma ndi mphepo. Ndikanadikira kuti ndiyese anthu atabalalika, koma mtima sunandilole. Ndinatsegula kiyi n'kukhudza batani pang'ono chabe. Njinga inabangula pakati pa pemphero la abusa. Ndinaizimitsa msanga, koma amene anatsinzina onse anali atatsegula maso.

Tinanyamuka kusanache, Katlehong yense ali mu utsi wa mbaula. Oyenda pansi anatsalira pokhota msewu akuimba. Ine ndinayatsa tinyali tija, ndipo kwa nthawi yoyamba njinga imeneyo inaona njira. Kuwala konse kunagwera pa kangolo kaja: lona wabuluu, zingwe, ndowa, sutikesi ya achimwene itamangidwa pamwamba. Maso anga sanachoke pamenepo. Tinadutsa Germiston, tinadutsa bwalo la ndege. Tinali titagwirizana kuti ndikabwerere pomwetsera mafuta kungopitirira Kempton Park. Ndinapaona, n'kupadutsa. Ndinati ndibwerera pamlatho wotsatira. Mlatho unafika, dzanja linakana kubweza moto.

Kenaka minibasi inayatsa indiketa n'kuima pambali. Anatsika ndi alamu, atafunda bulangete.

"Alamu, bwererani. Nyali zanuzo zikumuthobwa diraiva pagalasi."

"Ndingofika pa Pretoria."

"Mukafika pa Pretoria mudzati Polokwane. Ndimakudziwani, inu ndi akulu anu ndinu amodzi. Ana aja adya chiyani akakugwirani? Zimitsani, mutsanzike."

Ndinazimitsa nyali, ndinazimitsa injini. Ndinapita pa kangolo paja n'kuika dzanja pa lona. Anali wozizira, wonyowa ndi mame. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka ndi akuti, "Muyende bwino, achimwene." Minibasi inalowanso mumsewu, ndipo ndinaiyang'ana mpaka malole anaibisa.

Ndinatsala ndekha, kukuyera. Apa ndi pamene ndinkaopa paja. Ndinakwera, ndinatsegula kiyi, n'kudina batani. Inalira nthawi yomweyo, bwinobwino, ngati yatsopano.

M'malo mosangalala ndinapsa mtima. Kanthu kake kameneka? Ntchito ya masana amodzi, bokosi la machesi ndi mano? Zaka zonse zija ndinkadzuka ndikung'ung'udza, chonsecho ndikanatha kukonza ndekha tsiku lililonse. Ndipo achimwene, amene ankamasula injini yonse n'kuibwezera, sakanalephera kabatani. Ndinazindikira kuti m'tauni ino, mmene aliyense amatuluka mdima n'kubwera mdima, nthawi yokha imene tinkaonana tsiku lililonse inali yokankhana ija. Kaya ankachita dala, kaya unali ulesi chabe, sindidzadziwa, ndipo woti ndimufunse anali atapita.

Ndinaizimitsanso. Ndinatsika, n'kugwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, lina pampando pamene ndinkagwira msana wawo. Apolisi sindinawaganizirenso. Ndinayamba kuikankha m'mbali mwa msewumo, poyamba pang'onopang'ono, kenaka chothamanga monga m'mawa uliwonse, pampando palibe munthu. Kutenti kuja anthu anadikira misozi yanga tsiku lonse osaiona. Inatulukira pamenepo, malole akundipemerera mphepo, ine ndikukankha njinga yabwinobwino.